Mwana wanga ndi nesi ku Germany ndipo amavala hijabu, kodi amuthamangitsa?

FUNSO: Achimwene, ndine mayi wa ana anayi, wachisamba ndi mtsikana, nesi, ali ku Germany chaka chachitatu tsopano, amagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Ife ndi Asilamu ndipo iyeyu hijabu amavala chiyambire ali wamng'ono. Masiku ano akandiimbira pa WhatsApp mawu ake sali ngati kale, akuti kuli chipani chodana ndi obwera chomwe chikukulirakulira, tsiku lina m'basi bambo wina anamuloza kumutu nkumulankhula zachijeremani zomwe mpaka pano akukana kundimasulira. Ine tulo tinatha. Kodi far-right akunenayi ndi chani kwenikweni? Zoona dziko la demokalase lingathamangitse munthu kaamba ka mpango wakumutu? Ndine mayi wankhawa.

YANKHO: Mayi, pepani, mwana akakana kumasulira ndiye kuti mawuwo sanali abwino, wakutetezani mtima. Tiyambe ndi dzinalo. Zoti kumanja ndi kumanzere pandale zinayambira ku France mu 1789, aphungu okonda mfumu ankakhala kudzanja lamanja la wapampando, ofuna kusintha zinthu kumanzere. Ndiye far-right ndi aja akhala kumanja mpaka kukatsamira khoma. Iwo amati dziko ndi la mtundu umodzi, chikhalidwe chimodzi, ena onse ndi alendo olo atabadwira konko.

Chipani mwana wanu akunenacho ndi AfD, chidule cha Alternative für Deutschland. Chinayamba mu 2013 ndipo nkhani yake poyamba inali kudana ndi ndalama ya euro, za obwera chinazitola mu 2015 pomwe Angela Merkel, mtsogoleri wa boma la Germany panthawiyo, analola othawa nkhondo, ambiri a ku Syria, kulowa mdzikomo pafupifupi 890,000 chaka chimodzi. Mu 2017 chinalowa mnyumba ya malamulo ndi mavoti 12.6 peresenti, pa chisankho cha February 2025 chinapeza 20.8 nkukhala chachiwiri. Chodabwitsa nchoti mphamvu zake zili kwambiri kummawa kwa dzikolo komwe obwera ndi ochepa, kutanthauza kuti ambiri akuopa mlendo yemwe sanakhalepo naye mpando umodzi.

Tsono funso lanu lenileni, kumuthamangitsa? Mmene zilili lero, ayi. AfD siili m'boma lalikulu, zipani zina zonse zimakana kupanga nayo boma, eni ake amati Brandmauer, khoma lotchinga moto. Gawo 4 la malamulo aakulu a Germany limateteza ufulu wachipembedzo, ndipo mu 2015 khothi lalikulu linagamula kuti kuletsa aphunzitsi onse achizimayi kuvala hijabu mosasankha nkosemphana ndi malamulowo. Komanso tinene zoona, dzikolo lakalamba, manesi akusowa, amene akufuula kuti obwera azipita sanatiuzebe kuti mayi ake adzawasambitsa ndani.

Koma sindikunamizani kuti zonse zili bwino, nkhawa yanga ine ili pena. Zipanizi sizidikira kuwina kuti zipweteke anthu, zikangoyamba kudya mavoti, zipani zazikulu zimachita mantha nkuyamba kulankhula chimodzimodzi. Taonani ku France. Lamulo la 2004 loletsa zizindikiro zachipembedzo zooneka kwambiri m'masukulu aboma, ndi lija la 2010 loletsa kuphimba nkhope pagulu, sanapange a Le Pen, atsogoleri a far-right akumeneko, ayi, anapanga maboma omwe timawatcha odekha. Ndipo sizinawafooketse, Jean-Marie Le Pen anapeza pafupifupi 18 peresenti pa chisankho cha pulezidenti mu 2002, mwana wake Marine anadutsa 41 mu 2022.

Ya ku Switzerland ndiyo imandikhala pamtima. Mu 2009 anthu anavota pa riferendamu yoletsa kumanga nsanja za mizikiti, zija amaitanirapo swala, ndipo 57.5 peresenti anati eya tiletse. Nsanjazo dziko lonse zinalipo zinayi. Zinayi basi! Palibe anaba mavoti, palibe msilikali anatuluka, zonse zinayenda mwa demokalase, mzere, kabokosi, kuwerenga. Ndi pomwe pali vuto, chisankho chimawerenga mitu ndiye gulu lochepa limaluza nthawi zonse pokhapokha makhothi ndi malamulo aakulu ataima nganganga. Ndipo mantha amakulitsa manambala, kafukufuku wa bungwe la Ipsos wa 2016 anapeza kuti Afalansa ankaganiza kuti Asilamu kwawoko ndi 31 peresenti pomwe analipo 7.5.

Ovotera zipanizi si onse anthu oipa, izi ndiyenera kunena. Ena nyumba zalendi zawakwerera, ena sanaiwale uja anagunda anthu ndi galimoto yaikulu pamsika wa Khirisimasi ku Berlin mu December 2016 m'dzina la Chisilamu chomwe inu simuchidziwa. Mkwiyo wawo uli ndi gwero, kungoti umakagwera pa mtsikana wa m'basi. Ndipo sumathera pa Asilamu, mumzinda wa Halle ku Germany komweko mu October 2019 munthu wamfuti analimbana ndi chitseko cha sunagoge tsiku lopatulika la Yom Kippur Ayuda ali mkati, chitakanika anapha anthu awiri chapafupi. Mumzinda wa Hanau mu February 2020 wamfuti wina wodana ndi obwera anapha anthu asanu ndi anayi a m'mabanja obwera. Mbali inayo nayo ilipo, mu January 2024 zitaululika kuti ena a AfD anali pamsonkhano ku Potsdam wokambirana zobweza anthu kwawo, Ajeremani mazanamazana a masauzande anadzaza misewu kukana.

Chomwe mungamuuze mwana ndi ichi. Kutukwana munthu ku Germany ndi mlandu, akalembe tsiku, ola ndi nambala ya basi nkukanena kupolisi, olo asagwidwe munthuyo, nkhaniyo ilowe m'kaundula. Za hijabu kuntchito awerenge kontirakiti yake bwinobwino chifukwa khothi la European Union linanena mu 2017 kuti bwana atha kuletsa zizindikiro zachipembedzo ngati lamulo lakelo likukhudza onse mofanana, koma kusankha iye yekha ndi tsankho, ndipo pali lamulo la 2006 lothana ndi zimenezo. Chachikulu ndi mapepala. Kuyambira June 2024 munthu atha kupempha unzika atakhala zaka zisanu, kale zinali zisanu ndi zitatu, bola chijeremani akhoze pa mulingo wa B1 ndipo akudzidalira. Wanuyo ali chaka chachitatu, ndiye akakuimbirani Lamlungu mufunseni kuti satifiketi ya chilankhulo ndi mapepayisilipi akusunga pati.