Amateteza mwana wosabadwa koma amalola kuzunza mkaidi

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti andale a ku America amene amadana ndi kuchotsa mimba akhale omwewo oikira kumbuyo kuzunza akaidi. Nkhaniyi nanenso imandiwawa mumtima.

Zigawenga zitaukira America pa 11 September 2001, boma la George W. Bush linalola CIA, bungwe la ukazitape la dzikolo, kufunsa akaidi mwankhanza. Njira ina inali yophimba munthu nsalu kumaso n'kumamuthira madzi mpaka azimva ngati akumira. Khalid Sheikh Mohammed, amene akuti ndiye anakonza chiwembu cha pa 11 September, anamuchita zimenezi ka 183. Lipoti la Senate (imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku America) la mu December 2014, lomwe anatsogolera ndi Dianne Feinstein, linapeza kuti nkhanzazi sizinatulutse zinsinsi monga CIA inkanenera. Komabe mu 2016 Donald Trump analonjeza poyera kuti adzabwezeretsa njirayi, ndipo anthu ambiri opemphera anamuvotera chifukwa cha nkhani ya mimba. Oweruza atatu amene iye anasankha ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo anathandiza kugwetsa chigamulo cha Roe v. Wade, chimene chinkapereka ufulu wochotsa mimba, mu June 2022.

Apa ndiye pagona nkhani. Ukanena kuti moyo ndi wopatulika, ukutanthauza kuti pali zinthu zimene sungachitire munthu ngakhale utakhala ndi chifukwa chachikulu bwanji. Mayi akati sangakwanitse kulera mwana, amamuuza kuti chifukwa chakecho n'chosakwanira. Koma akafika pa mkaidi womangidwa manja ndi miyendo, amati tikupulumutsa miyoyo ya anthu ambiri. Mfundo imene anaikana kwa mayi uja aitola pa mkaidi. Msonkhano wa mabishopu a Chikatolika wa Vatican II mu 1965 unatchula kuchotsa mimba ndi kuzunza anthu pamodzi ngati zinthu zonyansa. John McCain, wandale wa chipani cha Republican amene anazunzidwapo ali mkaidi ku Vietnam, ankatsutsa zonse ziwiri, ndipo mu 2005 anamenyera lamulo loletsa nkhanza kwa akaidi pomwe ena m'chipani chake chomwe sankafuna.

Ena mwayankha kuti a chipani cha Democrat nawonso ndi achiphamaso. Pa mimba, ambiri a iwo savomereza n'komwe kuti mluza wa masabata ochepa ndi munthu wofanana ndi mkaidi uja. Mukhoza kutsutsana nawo mwamphamvu, koma pamenepa sakudzitsutsa okha. Ine ndimawadzudzula pena: Barack Obama analetsa kuzunza mu January 2009, koma palibe mkulu wa CIA ngakhale mmodzi amene anaimbidwa mlandu pa nkhanzazi, ndipo ndende ya Guantanamo imene analonjeza kutseka anaisiya ili ndi akaidi.