Lamulo la majumbo silikhudza mabotolo

Achimwene, mwafunsa ngati mabotolo a zakumwa nawonso ndi oletsedwa. Ayi. Lamulo la 2015, lomwe khothi la Supreme linalivomereza mu 2019, limaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), monga timajumbo ta kumsika.

Mabotolo agulitseni kwa ogula pa sikelo. Yang'anani nambala pansi pake: imasonyeza mtundu wa pulasitiki, 1 ndi PET ya mabotolo a zakumwa, 2 ndi HDPE ya zigubu. Musaphatikize, chifukwa zimasungunuka pa kutentha kosiyana, ndipo pulasitiki ya PVC ya nambala 3, ngakhale pang'ono, imawononga PET yonse ikalowa m'makina osungunulira mapulasitiki. Tsukani, chotsani zitsekerero, pondani kuti alowe ambiri m'thumba. Akakhala onyowa kapena amafuta, ogula amatsitsa mtengo. Kuwotcha ndiye ayi, utsi wake ndi wapoizoni.