Funsani Malume: Kodi kungonyamuka nkukagona kutchire kuli ndi phindu?

FUNSO: Malume, ine ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku Kanengo. Anzanga ena akangoweruka Lachisanu amangonyamula tenti ulendo wa kunyanja kapena kunkhalango opanda ndi pulani yomwe, Lolemba akubwera nkhope zili mbee. Mtima wanga umafuna ndithu koma madamu akuti izo nza azungu, ife tinakulira pamphasa kumudzi nde tikalipirenso ndalama kuti tikagone pansi? Komanso ndimaona ngati zimadya ndalama zambiri. Ndithandizeni. Bambo wa ana awiri, Area 25

YANKHO: Mphwanga, mayi akunyumbawo musawatsutse, akunena zoona kuti kugona pansi si kwachilendo kwa ife. Koma afunseni kuti ndi liti anamaliza kukhala pamoto madzulo, mbatata ili mphulusa, ana akumvera nthano, opanda phokoso la maminibasi ndi mawayilesi a kubala, opanda foni kulira kuti abwana akufuna lipoti. Chimene anzanuwo amakatsata nchimenecho, ndipo ine ndikuti pitani, musadikire kuti ndalama zichuluke kaye chifukwa ulendo wokonzakonza miyezi itatu nthawi zambiri umathera pagulupu ya WhatsApp basi.

Ife a ku Lilongwe tili ndi mwayi, malo ali pafupi. Senga Bay ku Salima ndi makilomita pafupifupi 120 kudzera msewu wa M14, mukanyamuka Loweruka mmamawa nkhomaliro mukadyera konko, malo ogona angapo amalola kuti mukhome tenti yanu pamchenga pamtengo wotsika kusiyana ndi chipinda, nde mmawa mumadzuka asodzi akukocheza mabwato, mugule usipa wauwisi kapena kampango nkuotcha pambaula. Cha komweko kuli malo osungira nyama zakutchire a Kuti, kumene ana angayende pansi nkumaona mbidzi ndi agwape chifukwa kulibe mikango.

Koma ine mtima wanga uli ku Dzalanyama. Nkhalango imeneyi ili cha kumwera chakumadzulo kwa tauni, makilomita ngati 60 kudzera ku Likuni, ndipo mtsinje wa Lilongwe umayambira kumeneko, madzi omwe timamwa mmipopi mwathumu asanafike ku damu la Kamuzu ku Malingunde amakhala atachokera mmapiri amenewa. Mukakhala pansi pa mitengo ya mombo masana, kamtsinje kakuyenda pamiyala, mbalame zikuyankhizana, thupi limamasuka mwina simunadziwe nkomwe kuti munatopa chonchi. Usiku nyenyezi zimaoneka zonse, ana obadwira mtauni amachita kudabwa kuti kumwamba kuli zambiri choncho. Chakumapeto kwa chaka masuku amapezeka, mvula ikagwa bowa, ngakhale nthawi yamvulayo msewu wafumbi umavuta kwambiri, galimoto yaing'ono musayese. Ndipo mukaona zitsa zomwe ootcha makala asiya, mpaka boma linatumizako asilikali kukalondera, thumba la makala mudzayamba kuliona mwamtundu wina. Zimandiwawa ine zimenezi, nchifukwa chake ndimafuna anthu ambiri akaone okha.

Katundu musavutike naye. Tenti bwerekani kwa anzanuwo, tengani mabulangete, mphasa kapena kamatilesi, tochi, poto, mthiko, ufa, mchere, chigubu cha madzi akumwa, machesi. Neti ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu musaiwale makamaka kunyanja, malungo sadziwa kuti muli pa holide. Ngati mwasankha ku Dedza, komwe kuli zojambula zamakedzana pamiyala ya ku Chongoni zomwe bungwe la UNESCO, loona za chikhalidwe padziko lonse, linazilemba mkaundula wake mu 2006, tengani majuzi enieni, June ndi July kumazizira koopsa. Ulendo woyamba usiku umodzi wakwana, madamu asankhe okha malo.

FUNSO: Malume, ine ndi anzanga atatu tonse atsikana tikufuna tikayese koma tikuopa njoka ndi akuba. Mtsikana wa ku Kawale

YANKHO: Mwanawe, manthawo ngabwino, akutetezani. Kunyamuka mwadzidzidzi sikutanthauza kukhoma tenti paliponse pamene mwafika, ayi. Gonani pamalo odziwika pomwe pali mlonda, mukafika kunkhalango yaboma yambani mwaonekera kwa a zankhalango, ngati ndi pafupi ndi mudzi kalonjereni amfumu. Kunyumba auzeni komwe muli ndi tsiku lobwerera chifukwa netiweki malo ena imasowa, ndipo fikani dzuwa lisanalowe.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, inu zipi ya tenti izikhala yotseka, nsapato muzikutumule mmawa musanavale, usiku osayenda opanda tochi. Kunyanja funsani eni dera komwe amasambira chifukwa mmabango ndi mmathiriro a mitsinje mumakhala ng'ona ndi mvuu, komanso tinkhono ta likodzo timakonda madzi odekha a mmabango omwewo. Kuyambira August mpaka mvula itagwa udzu umakhala wouma gwa, nde moto wanu muthire madzi mpaka uzimiretu musanagone, zinyalala zonse mubwere nazo ku tauni.