Wocheka akati "auma kale", musamumvere

Achimwene amene mukufuna kuyesa bulugamu ndi mango poti mlombwa ndi m'bawa zikusowa, imani kaye musanapereke ndalama. Ndawerenga funso lanu loti matabwa a mitengo imeneyi angagwire ntchito ya ukalipentala, mtima wanga wayambanso kuwawa, chifukwa bulugamu ameneyu anandichotsa ulemu pamaso pa anthu, ndipo ndinalumbira kuti sadzalowanso mu shedi yanga.

Mayi wina anandipatsa oda ya tebulo lalikulu lodyera, mipando yake ndi kabati. Ankafuna m'bawa. Ndinasakasaka, wopezeka anali wopyapyala, wodzaza mfundo. Wocheka wina amene ndinkamudalira anati ali ndi bulugamu wofiira, wamtengo wokhwima, wagona chaka chathunthu pamthunzi. Anandiwonjezera matabwa a mango kuti ndiike m'mbali mwa kabati. Ndinawagwira, kunja anali gwa, otuwa bwino. Ndinafotokozera mayi uja kuti si m'bawa, anavomera. Popala ankatuluka bwino, mtundu wake wofiirira, ndipo nditapaka vanishi aliyense wodutsa ankaima n'kufunsa kuti ndi mtengo wanji.

Pasanapite nthawi foni inalira. Mawu ake okha ndinadziwa kuti zinthu zavuta. Nditalowa pabalaza panali alendo, ana atakhala pansi, onse maso pa ine. Tebulo lija linali litang'aluka kuyambira kumapeto mpaka pafupi ndi pakati, mng'alu wake wolowa chala. Pamene ndinalumikiza matabwa ndi guluu panali patayasama. Mwendo umodzi unali m'malere, ukati ugwire ngodya tebulo lonse linkagwedera. Zitseko za kabati zinali zitapotoka, china chosatsekeka, dilowa yapakati itakakamira moti mayiyo anathyola chogwirira pokoka. Pansi pa kabati panali timilu ta fumbi losalala ngati ufa, ndipo m'mbali mwa mango muja munali timabowo ting'onoting'ono tosawerengeka. Mayi uja anatenga supuni, analowetsa chogwirira chake mu mng'alu n'kuisiya itaima chilili, kenako anati, "Bambo, mwandibera masana dzuwa likuswa mtengo." Palibe anayankhula. Mwana wina anayamba kuseka, mlendo wina anatulutsa foni n'kujambula. Ndinanyamula katundu yense ndekha ndi mnyamata wanga, ndalama ndinabweza, ndipo maoda ena awiri a anzake a mayiyo anathera pomwepo.

Nditafika ku shedi ndinadula thabwa limodzi la tebulolo pakati. Mkati munali mozizira, utuchi wake ukaufumbata unkagwirana. Wocheka uja anangowaimika matabwawo pakhoma padzuwa kuti atuwe kunja, mkati muli madzi okhaokha. Nditamupitira ndi chidutswacho anaseka, akuti mtengo ndi wa Mulungu, iye salenga mitengo. Anthu ngati amenewa ndi amene akupha ntchito yathu. Iwo ndalama amalandira tsiku lomwelo, dzina loipa limatsala ndi kalipentala. Ndipo alipo ena oposa pamenepa, opaka matabwa oyera mankhwala ofiiritsa n'kumati ndi m'bawa. Akuba enieni, ndipo ena a iwo ali mugulu lathu lokambiranali momwe muno, akuwerenga.

Komabe, achimwene, musathawe mitengo imeneyi, chifukwa kolowera kwina kulibe. Mlombwa umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pochekedwa, ndipo ife tikudula mofulumira kuposa mmene ukumerera. Pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, ku Panama mu 2022, mlombwa, m'bawa ndi msambamfumu za mu Africa zinaikidwa pa mndandanda wa mitengo yofuna chilolezo poigulitsa kunja kwa dziko. Zimenezo zikukuuzani kale komwe tikulowera.

Bulugamu amagwira ntchito, inde ndanena ndine yemwe ndinalumbira. Vuto lake ndi lakuti mtengo ukamakula umakhala wokokana mkati, ndiye ukangochekedwa umafuna kung'ambika ndi kupindika. Sankhani mtengo waukulu wokhwima, osati mapolo. Uzani wocheka agawe chipika panayi, acheke kuchokera kukhungwa kulowera pakati, ndipo pamtima penipeni ataye chifukwa ndi pamene mng'alu umayambira. Pakani penti kapena guluu kumapeto kwa thabwa lililonse tsiku lomwelo. Sanjani pamthunzi podutsa mphepo, timitengo tofanana pakati pa thabwa ndi thabwa, chinthu cholemera pamwamba. Padzuwa ayi. Akale pantchitoyi amati chaka chimodzi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa thabwa, ndipo kwa bulugamu musachotsereko. Pomanga boolani kaye musanakhome msomali kapena sikuluwu, ndipo pamwamba pa tebulo musapamange gwa ku felemu, siyani mabowo otalikirako kuti thabwa lizitha kufufuma ndi kunyala nyengo ikasintha.

Mango ndi wokongola kwambiri, mizere yake yachikasu ndi yoderako palibe mtengo wina ungakupatseni. Koma tizilombo tofumbwa matabwa timaukonda, makamaka mbali yoyera yapafupi ndi khungwa pomwe pali chakudya chawo. Uviikeni m'madzi osungunulamo borax, mankhwala a ufa woyera ophera tizilombo, ukadali wauwisi, ndipo musauchedwetse pansi chifukwa umachita nkhungu n'kuda mabanga.

Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi malaina. Amachedwa kuuma, koma akauma amakhala phee, sapotoka, ndi opepuka, amapalika mosavuta ndipo guluu amagwira bwino. Zitseko za kabati, madilowa, mabedi, zonse zimatheka. Ndi otumbuluka, ndiye ofuna zofiira mudzawapakira mtundu, bola muwauze zoona. Sendelera ndi wabanja limodzi ndi m'bawa, n'chifukwa chake amafanana mtundu, amanunkhiranso bwino, koma ndi wofewa, pamwamba pa tebulo lodyera amabonyoka msanga. Nimu nayenso ndi wabanja lomwelo ndipo tizilombo sitimukonda kwenikweni. Muwanga ndi tsanya ndi zolimba zedi, chiswe chimachita kulephera, koma konzekerani kunola pulena ndi tchizulo pafupipafupi. Tsanya ndi wolemera moti amamira m'madzi, ndiye amayenera miyendo ndi tizinthu ting'onoting'ono, kabati yonse simungainyamule.

Gulani kamashini koyezera chinyezi m'thabwa, kokhala ndi timano tiwiri kaja. Thabwa la mipando ya m'nyumba lizikhala ndi chinyezi cha m'ma 12 peresenti kapena kutsikirapo. Musayeze pamwamba pokha, dulani kachidutswa pamaso pa wogulitsayo muyeze mkati. Akakana kuti mudule, nyamukani. Ngati kamashini mulibe, ikani kachidutswa pasikelo, lembani kulemera kwake, muzikayezanso sabata ndi sabata. Kakamapepukabe ndiye kuti madzi akadalimo.

Ndipo mtengo uliwonse umene simunaugwirepo, pangani kaye kampando kanu kapanyumba, kaone mvula kaonenso chilimwe, musanaupereke kwa kasitomala. Inu ena amene mwalemba mugulu muno kuti mumagula matabwa lero mawa n'kupanga bedi ndipo palibe anadandaulapo, tiuzeni kuti ndi mtengo wanji ndipo mumaumitsa bwanji, chifukwa ine bulugamu wogulidwa wocheka kale sindidzamukhudzanso, ndimagula chipika n'kuumitsa ndekha.