Mitengo ikafanana, kodi ndiye kuti anakumana usiku?

Wina wandilembera imelo. Akuti pamsika womwe amagulitsapo pali makampani atatu aakulu omwe amakweza mitengo sabata imodzi, ndiye akufunsa: kodi amagwirizana mobisa? Nanga iye, wakampani yaing'ono, atsitse mtengo kuti awalande makasitomala?

Funso limeneli ndinalimbana nalo ndili pasukulu. Aphunzitsi athu a zachuma atatopa ndi makani anga, anandiimika kutsogolo pamodzi ndi mnzanga. "Iwe ndiwe kampani, uyunso ndi kampani. Musalankhulane. Aliyense alembe mtengo wake papepala." Ndinalemba wotsika, makasitomala onse anabwera kwa ine, kalasi yonse n'kuwomba m'manja. Ulendo wotsatira mnzangayo anatsitsa kuposa ine. Tinatsitsirana mpaka phindu lomwe ankalemba pa bolodi linafika pa ziro. Kenaka mnzangayo anandiyang'ana m'maso, n'kulemba mtengo wokwera, inenso ndinalemba wokwera. Palibe anatsegula pakamwa, koma mitengo inafanana ndipo inakhala pomwepo.

Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1838 Antoine Augustin Cournot wa ku France anayerekeza anthu awiri, aliyense ndi kasupe wake wa madzi ogulitsa. Aliyense amasankha kuchuluka kwa madzi otunga poganizira zomwe mnzake atunge, ndipo mtengo umathera pakati: wotsikirapo kusiyana ndi wa wogulitsa mmodzi yekha, koma wokwera kusiyana ndi pomwe ogulitsa ali ambirimbiri. Mu 1883 Joseph Bertrand anatsutsa. Iye anati ngati akupikisana pa mtengo, awiri okha ndi okwanira kuugwetsa mpaka phindu litatheratu.

Ine Bertrand ndimamulemekeza, koma zake zimagwira bwino papepala. Makampani enieni amaonananso mawa, mkuja ndi chaka chamawa. Amene watsitsa lero amadziwa kuti abwezeredwa. Katswiri wa zachuma Paul Sweezy anazifotokoza mu 1939: ukakweza wekha, anzako sakutsata ndipo makasitomala amakuthawa, ukatsitsa, onse amatsitsa ndipo palibe wapindula. N'chifukwa chake ambiri amangoyang'ana wamkulu, akasuntha iwonso asuntha. Izi zimandinyansa, chifukwa wogula amalipira ngati kuti anamuchitira upo, pomwe umboni woti n'kupita nawo kukhoti palibe.

Komanso ngakhale ogwirizana poyera amaberana. OPEC, bungwe la mayiko ogulitsa mafuta, inakhazikitsidwa ku Baghdad mu 1960. M'zaka za m'ma 1980 mayiko ena a m'bungweli ankapopa mafuta opitirira muyeso womwe anapangana, pomwe Saudi Arabia inkachepetsa ake kuti mtengo usagwe. Itatopa kumapeto kwa 1985, inatsegula mipopi, ndipo mu 1986 mtengo wa mafuta unagwa kupitirira theka. Ngati maboma amene anasainirana mapepala amachitana chonchi, nanga amalonda?

Tsono yankho lanu

Kufanana kwa mitengo pakokha si umboni. Mukakhala ndi makalata kapena mauthenga osonyeza kuti anapangana, kaneneni ku bungwe loona za mpikisano pamalonda, poti m'mayiko ambiri umenewo ndi mlandu. Za kutsitsa mtengo, ine ndikuti ayi: akuluakuluwo angathe kupirira miyezi yambiri akuluza, inu simungathe. Pezani chomwe iwo amachita mwaulesi, kaya kuperekera katundu msanga kapena kukonza akawonongeka, mupikisane nawo pamenepo.