Makina onyenyera mapepala ndi ma CD: mmene timawagulira ndi kuwafikitsa ku Zomba

Mayi, mwandifunsa mmene makina onyenyera mapepala, amene m'masitolo amawatchula kuti shredder, amafikira kuno ku Zomba, ndiponso mmene mungasankhire olimba oti azigwira ntchito kunyumba kwanu ku Matawale, kumene mumasunga mabuku a ndalama a anthu abizinesi pamodzi ndi ma CD akale. Nkhawa yanu yoti mapepala a anthu angagwe m'manja olakwika ndaimva, chifukwa ambirife tinagulapo mtedza pamsika wokulungidwa m'pepala lokhala ndi dzina la munthu, nambala ya chitupa chake cha unzika ndi ya foni, zimene n'zokwanira kuti wakuba amuimbire monamizira kuti ndi wa kubanki.

Ine ndimapikula katundu wa mu ofesi ku Johannesburg, ndipo basi imadzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue, n'kulowa m'dziko muno pachipata cha Mwanza, pamene a MRA amafuna lisiti la katunduyo kuti awerengere msonkho. Mtengo umene mudzalipire kuno suli wa pashelufu ya sitolo wokha ayi. Pamabwera ndalama ya katundu m'basi, imene imatsata kulemera ndi kukula kwa katoni, pamabwera msonkho, galimoto yochokera ku Blantyre, komanso mtengo wa marandi, umene wativuta kwambiri chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makina olimba amalemera, ena kupitirira makilogalamu 15, chifukwa mota ndi mipeni yake n'zachitsulo. Munthu akakulonjezani makina olimba koma opepuka ndi otchipa, muyambe mwawanyamula m'manja musanalipire.

Chinthu chimene anthu saganizira n'chakuti chikalata cholonjeza kukonza makina akawonongeka chimathera m'dziko limene agulidwa. Palibe angabweze katoni yaikulu choncho ulendo wa masiku awiri kukadandaula mpeni wothyoka. N'chifukwa chake sindichoka m'sitolo ndisanawayatse, kudyetsamo mapepala, ndi kuona ngati batani lobweza pepala m'mbuyo likugwira. Ndimagula mitundu yodziwika monga Fellowes, Rexel kapena HSM. Magetsi a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, mavoti 230, koma pulagi yawo ili ndi mano obulungira pomwe yathu ili ndi mano atatu aphanthiphanthi, choncho imafunika kusintha. Makina a ku America, a mavoti 120, musawalandire ngakhale ataperekedwa ulere.

Posankha, ogula ambiri amathamangira nambala yaikulu yolembedwa pakatoni, yonena mapepala amene makina amameza nthawi imodzi. Nambala imeneyi nthawi zambiri imayesedwa ndi pepala lopyapyala la magalamu 70, pamene limene timagula kuno ndi la magalamu 80, ndipo m'nyengo ya dzinja, ndi chinyezi cha m'tsinde mwa phiri la Zomba, pepala limafewa n'kumamatirira m'mipeni. Makina olembedwa 12 muziwapatsa mapepala 8 kapena 9. Nambala imene ine ndimayamba kuona ndi ya mphindi zimene makina amagwira asanatenthe. Otchipa amayenda mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako amazima okha mpaka atazizira, mwina theka la ola lathunthu. Kwa inu amene muli ndi makatoni a mapepala a zaka zambiri, komanso magetsi athu osadalirikawa, makina otere angakudyereni tsiku lonse, ndipo ndingakulangizeni oyenda mphindi 20 kapena kuposerapo osapuma.

Kadulidwe nakonso n'kofunika. Mlingo wa ku Germany wotchedwa DIN 66399, wa chaka cha 2012, unagawa kadulidwe ka mapepala m'magulu kuyambira P-1 mpaka P-7. Makina a P-2 amadula timizere titalititali totambalala mamilimita 6, moti pepala la A4 limatuluka timizere pafupifupi 35, timene munthu wodekha akhoza kulumikiza n'kuwerenga. A P-4 amadula chamlitali ndi chopingasa, tizidutswa ta mamilimita 4 kwa 40, ndipo pepala lomwelo limasanduka tizidutswa pafupifupi 400. Kwa mapepala a kubanki ndi zitupa za anthu ena, P-4 ndi wokwanira. P-5 amanyenya kwambiri, koma amachedwa, ndi okwera mtengo, ndipo ena safuna mawaya omangira mapepala, choncho pakhomo sindiona chifukwa chowonjezera ndalamayo.

Za ma CD musamalepo, chifukwa apa ndi pamene makina ambiri amafera. Si makina onse amene amadula CD, ndipo kuilowetsa pakamwa pa mapepala m'makina osapangidwira zimenezo kumabunthitsa kapena kuthyola mipeni. Mufune okhala ndi kabowo kakekake ka CD ndi makadi a kubanki, makamaka okhala ndi kabokosi kapadera kolandira zidutswazo, pakuti ndi zakuthwa ndipo zikasakanikirana ndi mapepala mwana angadzicheke nazo. Muzilowetsa imodziimodzi. Mudziwenso kuti kabowo kameneka m'makina ambiri kamangodula CD m'zigawo zitatu kapena zinayi, zimene zimakwana kuti isawerengekenso pakompyuta wamba.

Makina odula chopingasa amafuna mafuta awoawo pamipeni, bwinobwino nthawi iliyonse mukakhuthula bini, ndipo mafutawa savuta ku Johannesburg koma kuno amasowa, moti ndimabweretsa botolo limodzi kapena awiri pamodzi ndi makinawo. Mafuta ophikira amasanduka phula, ndipo opopera a m'chitini akhoza kuyaka ndi kutentha kwa mota. Mukamaliza ntchito muzizula pulagi, poteteza zala za ana komanso mota magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira.

Mukafuna kuti ndikutengereni paulendo wotsatira, mundiuze kuchuluka kwa makatoni a mapepala ndi ma CD amene muli nawo. Ndikakhala m'sitolo ndidzakutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha zolembedwa pakatoni, muone nokha gulu la P ndi mphindi zake, ndipo mudzalipira theka ndisanagule, theka lina tikawayesa limodzi kunyumba kwanu.