Chipatala chikakhala chete pa Facebook, ena amachiyankhulira

Mayi wina, yemwe ndi namwino wamkulu pa chipatala chaching'ono, wandilembera imelo kufunsa ngati n'koyenera kuti chipatala chawo chizisamalira masamba a mchezo monga Facebook, popeza akuluakulu awo akuti ntchito ya chipatala ndi kuchiza odwala basi. Amayi, funso lanuli landifika pamtima.

Akuluakulu anuwo akulankhula ngati kuti chipatala chingasankhe kupezeka kapena kusapezeka pa intaneti, koma mwayi wosankha umenewo unapita kalekale. Anthu akamalemba kuti ali pa chipatala chanu, Facebook imatha kupanga yokha tsamba la malowo, ndipo pa Google Maps munthu aliyense akhoza kuikapo dzina la chipatala, nambala ya foni ndi maganizo ake. Dzina lanu lilipo kale, koma amene akulilankhulira si inu.

Mlamu wanga atachita ngozi n'kugonekedwa m'chipatala china, ine ndinali kutali, ndipo usiku umenewo ndinafufuza pa foni kuti ndidziwe nthawi yoonera odwala komanso nambala yoti ndiimbe. Ndinapeza masamba angapo okhala ndi dzina la chipatalacho. Lina linali ndi nambala yosagwira, lina linasiyidwa zaka zapitazo, ndipo lina, lomwe linkaoneka lokongola kuposa onse, linkalonjeza ntchito ya unamwino kwa aliyense wotumiza ndalama. Pansi pa tsamba losiyidwalo munthu wina anali atalemba kuti magazi atha pa chipatalapo ndipo ovulala akungofa, anthu ambiri n'kumagawana uthengawo popanda wina wa chipatala woyankhapo. Tulo sindinatione. Nditafika ndinapeza mlamu wanga atapatsidwa kale magazi, anamwino akugwira ntchito modzipereka, osadziwa n'komwe kuti kunja dzina lawo laipitsidwa. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mwina wina anawerenga bodza lomwelo n'kusunga wodwala wake kunyumba.

N'chifukwa chake sindivomereza kuti kukhala chete kotereku ndi kudzichepetsa. Ndi kunyalanyaza odwala, chifukwa munthu amayamba wasankha kopita asanakumane ndi dokotala, ndipo masiku ano amasankhira pa foni. Mu February 2020 mkulu wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, Tedros Adhanom Ghebreyesus, ananena ku Munich m'dziko la Germany kuti dziko silikulimbana ndi mliri wokha komanso ndi kusefukira kwa nkhani zabodza, ndipo mwezi wotsatira bungwelo linatsegula njira yofalitsira uthenga wa Covid-19 pa WhatsApp. Chipatala cha Mayo Clinic ku America chinakhazikitsa nthambi yoona za masamba a mchezo kale mu 2010. Mphekesera za matenda sizifa msanga: kafukufuku wonama wa mu 1998 wolumikiza katemera wa chikuku ndi matenda a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana) anachotsedwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2010, koma makolo ena akutumiziranabe nkhaniyo.

Komatu amene amati chipatala chingotsegula tsamba n'kupereka kwa mnyamata wodziwa foni nawonso akulakwitsa, mwina kuposa akuluakulu anu. Choopsa chachikulu chili m'kati. Wogwira ntchito akajambula bala lodabwitsa, kapena khanda lobadwa kumene, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp, chinsinsi cha wodwala chatuluka ndipo sichibwereranso. Ngakhale kuyankha dandaulo kuli ndi msampha. Mu 2019 chipatala cha mano cha ku Dallas ku America chinalipira madola 10,000 pansi pa lamulo la HIPAA, loteteza chinsinsi cha odwala m'dzikolo, chifukwa poyankha ndemanga za odwala pa Yelp, tsamba lomwe anthu amalembapo maganizo awo pa mabizinesi, chinaulula mayina ndi chithandizo chimene analandira. Chinkafuna kudziteteza, koma chinaphwanya lamulo. Wodwala ali ndi ufulu wonena matenda ake poyera, pamene chipatala sichiyenera ngakhale kutsimikiza kuti munthuyo anabwerapo.

Tsono muchite chiyani

Yambani n'kufufuza masamba onse okhala ndi dzina lanu, mutenge umwini wa amene mungathe ndipo mudandaule ku Facebook za abodzawo. Musankhe munthu mmodzi wodziwa malamulo a chinsinsi cha odwala, pakhalenso womuyang'anira, ndipo mulembe lamulo lalifupi loletsa kujambula odwala popanda chilolezo cholembedwa. Pa tsambalo muziikapo nthawi yotsegulira, nambala zogwira ndi masiku a katemera, mulembenso momveka kuti wodwala mwakayakaya abwere kapena aimbe foni, asadikire yankho pa Facebook. Wodandaula mumuyankhe mwaulemu ndi kumupempha kuti nkhaniyo mukakambirane kumbali. Mukakakumana ndi akuluakulu anu musakangane nawo, mungowaonetsa pa foni zimene zikutuluka munthu akalemba dzina la chipatala chawo.